A Zangaphee ndi Kiyi wa Kontena ya Mabwato

A Zangaphee amakhala ku Govan, dera la mumzinda wa Glasgow, m'nyumba yosanja ya miyala yofiira, ndipo ntchito yawo ndi yokankha mabedi a odwala pachipatala chachikulu chili kufupi ndi kwawoko. Aigwira zaka zoposa makumi awiri. Ukawaona akutsika basi poweruka, phewa lamanja litagwa, kachikwama ka mbale ya chakudya kali m'manja, sungaganize kuti munthuyu anaolotsapo njinga, mbuzi, matumba a chimanga ndi amayi oyembekezera pa Shire madzi atasefukira. Koma anaolotsa. Ine sindinaone ndi maso, kwathu ndi ku Ntchisi kumene kulibe bwato, koma akazi awo a Matilda amachitira umboni, ndipo a Matilda sawonjezera nkhani.

Anabadwira ku Chiromo. Msewu wa pakati pa Bangula ndi kwawoko utakokoloka, aliyense wofuna tsidya lina ankadalira bwato, ndipo bwato la a Zangaphee ndi limene amayi ankalidikira ngakhale ena atafika kale padoko. A Matilda anali namwino, ankaoloka kawiri pa sabata atatseka maso, manja onse atagwira m'mphepete mwa bwato. Mmenemo ndi mmene anadziwana. Mu 2003 a Matilda anapeza ntchito kuno ku Glasgow, amuna awo n'kutsatira. Mwana wawo wamkazi anabadwira kuno, anamutcha Eilidh potengera mzamba amene anamulandira.

Kuchokera kwa bambo awo, a Zangaphee anatenga lamulo limodzi la pamadzi. Ukamatuluka, yamba chokwera mtsinje mphamvu zikadalipo, kuti pobwerera utatopa madzi akubweretse okha. Wotsika poyamba amagona kutchire. Lamuloli ankalinena paliponse. Kutchalitchi tikamanyamula matebulo ankayamba ndi olemera. Pogula zinthu ankayamba ndi sitolo yakutali. Pa Shire lamuloli silinawanamizepo, ndipo sindikuwadzudzula chifukwa cholikhulupirira.

Anakhala kuno zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osagwira nkhafi. Mtsinje wa Clyde ankauona tsiku lililonse pakati pa nyumba, wakuda, wotsekeredwa m'zipupa, koma sankadziwa kuti munthu wamba amaloledwa kuyandamapo. Zinasintha Eilidh atalowa yunivesite ku Hillhead n'kuyamba kupalasa ndi kalabu ina ya anthu wamba. Tsiku lina anaonetsa bambo ake chithunzi pafoni. Iwo anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mwanayo wagwira nkhafi ngati tsache. Eilidh anayankha m'Chingerezi chake cha kuno chimene ine ndimangomvako theka, kuti ngati akudziwa abwere adzaonetse.

Anapitadi, pa dziwe la ngalande yakale ya kumpoto kwa mzinda kumene ophunzira amayambira. Kayaki anaikana. Anati sangalowe m'bwato lovala ngati nsapato. Anasankha lotseguka pamwamba, limene amati kanu, anagwada kumbuyo kwake atavala jekete yoyandamitsa imene anawakakamiza, n'kupalasa. Anthu a kuno akamayamba amasinthasintha nkhafi, uku ndi uku, bwato n'kumayenda ngati woledzera. A Zangaphee anapalasa mbali imodzi yokha, bwato n'kuyenda ngati lamangidwa pachingwe mpaka kumapeto, n'kulitembenuza pamalo pomwepo. Marcus, wokonza magetsi wa ku Dennistoun amene amatsogolera maulendo a kalabuyo, anasiya zimene ankachita n'kuwafunsa kumene anaphunzira. Nkhani imeneyi a Zangaphee anandiuza kasanu.

Koma kalabu imatuluka Loweruka, ndipo pa Loweruka anayi, atatu iwo amakhala pa shifiti. M'zaka ziwiri anapalasa maulendo khumi ndi limodzi. Ena anali pangalande paja, pamene madzi amangokhala ngati a mumgolo ndipo pansi pake umaona matrole a m'sitolo. Ena anali ku Glasgow Green, kumtunda kwa baraji yotchinga mtsinje ngati ya ku Liwonde, kumene madzi amayenda mbali imodzi ndipo uyenera kupatukira mabwato aataliatali a mpikisano. Kunsi kwa baraji, kumene mtsinje umakumana ndi madzi a nyanja yamchere, anali asanapalaseko.

Kumeneko n'kumene kunali chimene ankafuna. Kalabuyo ili ndi kontena ya mabwato pafupi ndi mlatho wa Erskine, pamene pali kamchenga kolowera m'madzi. Anthu ochepa odalirika amapatsidwa kiyi, ndipo wokhala ndi kiyi amatuluka tsiku lililonse limene wafuna, bola akhale ndi mnzake. Basi ya ku Erskine imadutsa pafupi ndi khomo la a Zangaphee. Masiku awo opuma amagwa pakati pa sabata. Dokotala anali atawauza kale kuti phewa lawo latha ngati tayala, ndipo sankadziwa kuti latsala ndi zaka zingati.

"Zaka makumi awiri ndikuuzidwa kopita ndi kamakina ka m'thumba," anandiuza tsiku lina titatuluka m'tchalitchi. "Kakalira, wodi yakuti. Kakalira, tengani uyu mupite naye uko. Ndikufuna ndidzatsegule chitseko chimodzi ndekha, a Japhet, phewali lisanandisiye."

Marcus sapereka kiyi chifukwa chokonda munthu. Wofuna kiyi amatsogolera ulendo umodzi kunsi kwa baraji. Amasankha yekha tsiku, ola ndi kolowera, ndipo ayenera kupita ndi kubwerera osakokedwa pachingwe. Marcus amangotsatira pambuyo osalankhula. Pofunika munthu wokhala kutsogolo kwa bwato, a Zangaphee anapempha ine. Ndinapuma ntchito, nthawi ndili nayo, komanso malemu mayi a kunyumba akudwala ndi a Zangaphee amene ankakankha bedi lawo, ndipo ankalikankha mofatsa. Sindikanakana.

Sabata imodzi ulendo usanachitike, Eilidh anawabweretsera kabuku ka manambala kosonyeza maola amene madzi amadzaza ndi kuphwa. Anakalandira, anathokoza, n'kukaika pansi pa rimoti ya TV. Apa ndinene chilungamo. A Zangaphee ankadziwa kuti madzi a pa Govan amakwera ndi kutsika pachipupa. Aliyense wokhala kumeneko amadziwa. Koma iwo ankaganiza kuti amangofufuma n'kuphwera ngati madzi a m'beseni. Zoti mtsinje wonse ungatembenuke n'kumabwerera kumene wachokera, ankati ndi nkhani za kumowa. Anauzidwa, ndipo osati kamodzi.

Anasankha Lachiwiri lakumapeto kwa Seputembala. Mvula inali isanagwe kwa milungu itatu, chinthu chosowa kuno. Tinafika pakontena cha m'ma teni koloko, ine, iwo, Marcus ndi Eilidh, awiriwa aliyense ndi kayaki yake. Titatsitsira mabwato pamchenga, a Zangaphee anatola kamtengo n'kukaponya pakati pa madzi. Kanayandama kulowera pansi pa mlatho, cha kunyanja, mofulumira ndithu.

"Madzi akutsika," anatero. "Ife tikwera."

Marcus anawafunsa ngati anayang'ana m'kabuku. Iwo anati ayang'ana mtsinje. Eilidh anayamba kunena kuti ikamakwana wani koloko zinthu zisintha, koma sanamalize.

"Eilidh, ukuphunzitsa ndani?"

Anafunsa motsitsa mawu, m'Chichewa, koma ngakhale Marcus anamva tanthauzo lake. Mwanayo anatseka pakamwa. Marcus anangomanga m'chiuno lamba wokhala ndi chingwe chokokera, Eilidh n'kumanganso wake.

Ulendo wopita unali wolemera koma wabwino. A Zangaphee anayendetsa bwato m'mphepete, mmene madzi alibe mphamvu, ndipo ine ntchito yanga inali kungoviika nkhafi pamene andiuza. Tinadutsa mabango ndi matope ambirimbiri okhala ndi akakowa, ndipo iwo anati malowo akufanana ndi dambo la kwawo, kungoti kulibe fungo la nsomba zowamba. Ankaimba chapansipansi m'Chisena. Ndege zinkadutsa pamutu pathu potsikira kubwalo. Patatha maola awiri tinafika pamene mtsinje wa Cart umathira mu Clyde, moyang'anana ndi chikireni chachikulu cha ku Clydebank chimene chinatsala pamene ankapanga sitima. Tinakokera mabwato pamiyala n'kukhala pansi.

A Matilda anatipakira mandasi, mazira owiritsa ndi tiyi wa mufulasiki. A Zangaphee anali osangalala kuposa mmene ndinawaonerapo. Anayamba kufotokozera Marcus za mvuu, mmene umaidziwira ndi thovu, ndi mmene ng'ona ina inalumira nkhafi ya malume awo. Anafotokoza kwa ola lathunthu. Eilidh ankangoyang'ana wotchi. Pakati pa nkhani, bwato lathu limene tinalisiya pouma linayamba kugwedezeka, madzi atafika pansi pake. A Zangaphee ananyamuka, analikokera kumtunda, n'kunena kuti mwina kwadutsa sitima kutali. Kunalibe sitima.

Titalowanso m'madzi anatembenuza bwato kuloza ku Erskine, analiika pakati pamene m'mawa madzi ankathamanga, n'kugoneka nkhafi pamaondo.

"Tsopano pumani, akulu. Zathu tachita. Mtsinje ugwire yake."

Ndinapuma. Ndinayang'ana chikireni chija, chimene chinali kudzanja lamanja, kudikira kuti chitsale m'mbuyo. Sichinatsale. Chinayamba kusunthira kutsogolo kwathu. Ndinadikira pang'ono poopa kuti mwina ndi maso anga.

"A Zangaphee," ndinatero, "kodi chikireni chija chikupita nafe ku Erskine? Chatipitirira."

Anasuzumira m'madzi. Ananyema ndasi limene linatsala n'kuponya chidutswa m'madzi. Chinayandama kulowera ku Renfrew, ku Govan, kumzinda, kumene mtsinje umachokera. Anaponya china mbali inayo. Chinatsatira chinzake. Ndinacheuka kuwayang'ana. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wafika kwawo n'kupeza nyumba yasamuka.

"Mtsinje wa mtundu wanji uwu," anatero, osafunsa munthu.

Kenako anagwira nkhafi. Zimene anachita m'maola awiri otsatirawo sindidzaziiwala, ndipo ndizinena mofanana ndi mmene ndanenera kulakwa kwawo. Anachotsa bwato pakati n'kulimata kugombe. Ankadziwa kuseri kwa mwala uliwonse ndi chipilala chilichonse chakale kumene madzi amapumira, ankatibisa pamenepo kuti ndipezeko mpweya, n'kudumphira pena. Mphepo inayamba kuchokera kunyanja, kutiomba kumaso. Boti lokoka sitima linadutsa n'kutitumizira mafunde, iwo analozetsa mphuno ya bwato m'mafundewo ndi kupalasa kumodzi kokha, ndipo m'bwato simunalowe ngakhale kapu ya madzi. Koma mphamvu zimene lamulo la bambo awo linati tiwononge popita tinali titawonongadi. Madzi amene tinalimbana nawo m'mawa akutsika ndi omwewo amene tinkalimbana nawo masana akukwera.

Manja anga anayamba kufa. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Mlatho wa Erskine tinkauona, koma sunkakula. Marcus anayandikira n'kufunsa ngati akufuna chingwe. Tonse tinkadziwa kuti chingwe chikangogwira bwato, kiyi wapita. A Zangaphee anapukusa mutu. Patapita theka la ola Marcus anafunsanso. Anapukusanso.

Ndinamva kumbuyo kwanga kaphokoso ngati munthu waponda minga, nkhafi yawo n'kugunda m'mphepete mwa bwato. Phewa lija. Anasinthira kumanzere, mbali imene sanapalasepo chibadwire, ndipo bwato linayamba kupotoka. Ndinayang'ana chitsamba china pagombe. Tinali tachidutsa kale, koma chinabweranso.

Eilidh anabweretsa kayaki yake pambali pathu. Mwana ameneyu sindinamumvepo akulankhula Chichewa choposa moni. Tsiku limenelo anachilankhula, chopindikapindika, kuti Marcus asamve.

"Adadi, ankolo atopa. Onani manja awo."

Sananame. M'zikhato zanga munali matuza awiri ataphulika. Koma tonse atatu tinkadziwa kuti si manja anga amene ankanena. Bwato linkabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Ngati ndi chifukwa cha akuluwa," anatero a Zangaphee, "mangirira."

Eilidh anakola chingwe pamphuno ya bwato n'kuyamba kukoka. Marcus anakola chake pa kayaki ya Eilidh. Tinafika pamchenga wa ku Erskine cha m'ma faifi koloko tili pamzere ngati ngolo. A Zangaphee anatsika, anayesa kunyamula bwato ndi dzanja limodzi, analephera, n'kuima pambali ena akunyamula.

Marcus anawauza pamaso pathu kuti pa zaka zonse zimene wakhala pamadzi sanaonepo munthu wopalasa ngati iwo, ndipo kuti kiyi sawapatsa. Anati abwerenso mu Epulo ndi ulendo wochokera m'kabuku. Tinakwera basi yobwerera. Pa Braehead panakwera mayi wina ndi mwana m'ngolo, a Zangaphee n'kunyamuka kumupatsa malo, ndipo anaimirira mpaka ku Govan atagwira chitsulo ndi dzanja lamanzere.

Lamlungu lotsatira, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, ndinawamva akuuza amuna anzathu kuti chinawavuta ndi mphepo komanso munthu wofooka kutsogolo. Anthu anaseka n'kutembenukira kwa ine kuti ndidziteteze. Ndinati mphepo inalipo, kufooka kwanga kunalipo, koma kabuku kanali pansi pa rimoti. A Matilda, amene ankatsuka makapu chapafupi, anangoti safunsa anadya phula, osatembenuka. A Zangaphee sanandilankhule kwa milungu isanu. Ena anati ndinawachititsa manyazi. Mwina. Koma munthu amene akadzapatsidwa kiyi adzanyamula moyo wanga m'bwato lake, sindingamuthandize kudzinamiza.

M'nyengo yozizira anatenga kabuku kaja. Sanakatenge kuti aphunzire, anakatenga kuti akagwire bodza. Tsiku lililonse lopuma ankapita pachipupa cha mtsinje ku Govan, pamene pankakocheza boti loolotsa anthu kalekale, ndi pensulo ndi matumba odzaza timitengo. Ankaima m'mphepo ndi mvula yosatha ya kuno, akuponya timitengo ndi kulemba ola. Manambala ena ankawasokoneza, choncho Eilidh akabwera kudzachapa zovala ankakhala naye patebulo la m'khitchini atatseka chitseko kuti a Matilda asamve mwana akuphunzitsa bambo ake. A Matilda ankamva zonse.

Mu Febuluwale anagogoda kwanga, koyamba chichitikireni zija. Anakhala pampando osavula chikhoti, n'kuika kabuku patebulo. Kanali katanyowa n'kuuma kangapo, masamba ake atafufuma.

"Kabukuka sikanama," anatero. "Kamodzi kokha kanaphonya, tsiku la chimphepo chija chinagwetsa mitengo. Muli ndi tiyi?"

Kumeneko kunali kupepesa kwawo, ndipo ndinakulandira.

Mu Epulo tinabwereza ulendo, anthu anayi omwewo. Ulendo uno analoza kunsi. Tinatsika ndi madzi akuphwa, kudutsa pansi pa mlatho, kudutsa doko lakale la Bowling kumene kuli mabwinja a mabwato m'matope, mpaka tinaona chimwala cha Dumbarton. Tinadya. Ola limene analemba padzanja litakwana, madzi anatembenuka n'kutibweza mpaka pamchenga. Nkhafi tinangoiviika moongolera. Popita madzi anatinyamula, pobwerera anatinyamulanso. A Zangaphee anati ndi kupalasa kwa alesi, ndipo bambo awo akanadzuka akanawamenya ndi nkhafi. Marcus anatulutsa kiyi m'thumba, kakiyi kakang'ono kamkuwa komangidwa pachingwe chobiriwira, n'kuwapatsa. Eilidh anafuna kujambula chithunzi koma iwo anakana.

Tsiku lawo lopuma loyamba linali Lachitatu. Anandiimbira m'mawa kuti tikumane pa basi. Titafika ku Erskine ndinapeza mtsinje utathawira pakati, pakati pa mchenga ndi madzi pali matope ofika m'maondo. Ndinawayang'ana. Anati ankadziwa tisananyamuke. Madzi abwino abwera masana, koma masana ali ndi nthawi yokaonana ndi wowongola mapewa kuchipatala komwe amagwira ntchito. Ankangofuna kuona ngati kiyi akutsegula.

Anatsegula. Chitseko cha kontena n'cholemera, ndinawathandiza kukoka. M'kati munkanunkha mphira wonyowa. Anagwira bwato lathu lija m'mphepete, anasankha nkhafi, anaiyeza kutalika pachibwano, n'kuibwezera. Tinatulutsa mabokosi awiri n'kukhala pakhomo ndi fulasiki.

Anandionetsa kalendala ya mashifiti imene anaiika pamodzi ndi kabuku. Anali atawerenga mpaka Okutobala. Masiku amene kupuma kwawo kukugwirizana ndi madzi analipo khumi ndi limodzi, ndipo anawazunguliza ndi pensulo. Anati pa amenewo mphepo idzatengapo ake, phewa lidzatengapo ake, ndipo ine ndisadwale.

"Kale kamakina kondilamula kanali kamodzi," anatero, akugogoda kabuku ndi chala. "Tsopano tiwiri."

Tinamwa tiyi. Akakowa ankayenda m'matope. Fulasiki itatha anatola kamtengo, koma madzi anali kutali kwambiri kuti dzanja lamanzere likafikitse, choncho anakaika m'thumba. Tinabwezera mabokosi, tinakankha chitseko, anatseka loko, anaikoka kawiri kuti atsimikize, n'kulowetsa chingwe chobiriwira m'kati mwa malaya. Basi tinaiona ikubwera tili patali, koma palibe anathamanga. Tinadikira yotsatira.